Phunziro la pa Kalabu: Timasensa ta DNA, Njira Yopezera Kachirombo Pogwiritsa Ntchito Magetsi

Phunziro la ulendo uno ndi la sayansi, koma pasakhale wina wochita mantha. Tiyenda pang'onopang'ono, ndipo kumapeto kuli sewero lotithandiza kumvetsa zonse. Tikupempha atsogoleri a makalabu kuti awerenge okha kaye asanaphunzitse anzawo.

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe:
- kufotokoza chifukwa chake khanda siliyezedwa HIV mofanana ndi munthu wamkulu;
- kufotokoza mmene kachipangizo kakang'ono kangazindikirire DNA ya kachirombo kamodzi pakati pa DNA ya zamoyo zina zonse;
- kulangiza makolo a m'dera lathu za nthawi yoyenera kukayezetsa mwana.

1. Vuto lagona pati?

Ambiri a ife tinayezetsapo magazi. Mlangizi amatibaya pachala, n'kudonthezera magazi pa kachipangizo, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Koma kodi tikudziwa kuti kachipangizo kaja sikaona kachirombo ka HIV kenikeniko? Chimene kamaona ndi tizida timene thupi limapanga pofuna kulimbana ndi kachiromboko, totchedwa ma antibody. Zili ngati kudziwa kuti m'munda munalowa nguluwe poona mapazi ake, pamene nguluweyo sitinaione.

Kwa munthu wamkulu njira imeneyi ndi yodalirika, bola patadutsa nthawi yokwanira kuti thupi lipange tizidato. Kwa khanda nkhani ndi ina. Mwana akadali m'mimba amalandira ma antibody a mayi ake, ndipo amatha kukhala nawo mpaka miyezi 18. Choncho mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV akhoza kuonetsa ngati ali ndi kachirombo pamene alibe. Mapazi alipo, koma ndi a nguluwe imene inadutsa m'munda wa mayi ake.

Kudikira miyezi 18 n'koopsa. Mwa ana amene atenga HIV kwa amayi awo ndipo sakulandira mankhwala, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amamwalira asanakwanitse chaka, ndipo pafupifupi theka safika zaka ziwiri. Kafukufuku wotchedwa CHER, amene anachitika ku South Africa ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008, anaonetsa kuti kuyambitsa makanda ma ARV msanga kunachepetsa imfa ndi 76 peresenti. Apa ndiye pakufunika njira yoona nguluwe yeniyeniyo, ndiko kuti, yopeza DNA kapena RNA ya kachirombo.

2. Kodi DNA n'chiyani?

M'kati mwa maselo a thupi lathu muli kaulusi kopyapyala kwambiri kosaoneka ndi maso, kotchedwa DNA. M'kaulusi kameneka ndi mmene munalembedwa malangizo onse a chibadwa chathu, n'chifukwa chake mwana amafanana ndi makolo ake. Chimanga, mbuzi, udzudzu ndi tizirombo toyambitsa matenda zilinso ndi malangizo akeake.

Malangizowa amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Chilembo chilichonse chikuimira mankhwala ena ake amene ali m'kaulusiko. Chimene chimasiyanitsa chamoyo china ndi chinzake ndi dongosolo la zilembozo, monga mmene mawu akuti "mano" ndi "moni" aliri osiyana ngakhale zilembo zake zili zofananako. Malangizo a munthu ali ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. A kachirombo ka HIV ndi aafupi kwambiri, zilembo zosakwana 10,000.

Mu 1953, James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, atathandizidwa ndi zithunzi zochokera ku kafukufuku wa Rosalind Franklin ku London, anafotokoza kuti DNA ndi ulusi uwiri wolukana ngati chingwe. Ulusi uwiriwu umagwirana motsata lamulo limene silisintha:

A amagwirana ndi T basi.
G amagwirana ndi C basi.

Ngati ulusi wina walembedwa A T G C C A, mnzake ayenera kukhala T A C G G T. Tikautenthetsa, ulusi uwiriwu umalekana ngati zipi yotsegula. Ukazizira, uliwonse umafunafuna mnzake woyenerana naye n'kugwirananso. Lamulo limeneli tiligwiritsitse, chifukwa phunziro lonse latsamira pamenepa.

Kachirombo ka HIV kamasunga malangizo ake mu RNA, amene ndi m'bale wake wa DNA. Kakalowa m'selo la munthu, makamaka m'maselo a CD4 aja timati asilikali a m'thupi, kamakopera malangizo ake kukhala DNA n'kuwalowetsa m'kati mwa DNA ya munthuyo. Ndiye kuti m'magazi a munthu amene ali ndi HIV muli zilembo za kachiromboko. Ntchito yatsala ndi kuzipeza.

3. Kutchera nyambo

Msodzi wa kampango amadziwa nyambo imene kampango amadya. Akatswiri a sayansi nawonso amatchera nyambo. Popeza dongosolo la zilembo za HIV likudziwika, iwo amasankha kachigawo kakang'ono, mwina ka zilembo 20, n'kupanga m'labotale kaulusi kamodzi koyenerana ndi kachigawoko. Kaulusi kopanga kameneka ndiye nyambo yathu. Tikakaika m'madzi mmene muli DNA yosiyanasiyana yotsegulidwa, kamagwirana mwamphamvu ndi ulusi woyenerana nako wokha.

Wina afunsa kuti, nanga nyamboyo singakole DNA ina mwangozi? Tiyeni tiwerengere. Pa malo alionse pakhoza kukhala chimodzi mwa zilembo zinayi. Pa malo awiri pali njira 4 kuchulukitsa ndi 4, zomwe ndi 16. Pa malo atatu pali njira 64. Tikafika pa malo 20, njira zimapitirira 1,000,000,000,000. N'chifukwa chake nyambo yosankhidwa bwino imadutsa zilembo zonse za munthu osakola kanthu, n'kukakola za kachirombo zokha.

Koma nsomba ikadya nyambo, msodzi amamva kugwedezeka kwa chingwe. Nanga ife tidziwa bwanji kuti tiulusi tosaoneka tagwirana? Makina ambiri a m'malabotale amagwiritsa ntchito kuwala: nyambo ikakola, mankhwala ena amawala, ndipo diso la makina limaona kuwalako. Njira imeneyi ndi yabwino, koma imafuna timagalasi, tinyali ndi zida zina zodula. Njira ina ndi imene tikuphunzira lero: kumva kugwedezekako kudzera m'magetsi.

4. Mmene kasensa ka magetsi kamagwirira ntchito

Sensa ndi kachipangizo kalikonse kamene kamazindikira chinthu n'kupereka chizindikiro. Amene tili ndi achibale odwala shuga tinaonapo kamakina koyezera shuga. Amadonthezera magazi pa kapulasitiki kakang'ono, n'kukalowetsa m'kamakina koyendera batire, ndipo nambala imatuluka pasanathe mphindi. Pa kapulasitikipo pali timizere topitamo magetsi ndiponso mankhwala amene amagwira shuga. Shuga akagwidwa, pamatuluka tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma elekitironi. Kuyenda kwa ma elekitironi ndiko timati magetsi. Shuga akachuluka, magetsi amachulukanso, ndipo kamakina kamasandutsa magetsiwo kukhala nambala.

Kasensa ka DNA kamatsata nzeru yomweyo. Tiyeni tione mtundu umodzi umene unalengezedwa mu 2003 ndi Chunhai Fan, Kevin Plaxco ndi Alan Heeger a ku yunivesite ya California ku Santa Barbara. Kali ndi zigawo zitatu.

Choyamba ndi kachitsulo kagolide kotchedwa elekitirodi, kolumikizidwa ku mita yoyezera magetsi. Golide amasankhidwa chifukwa sachita dzimbiri, komanso amagwirana kwambiri ndi salifa.

Chachiwiri ndi nyambo ija. Ku nsonga imodzi ya kaulusi amaikako salifa, choncho kaulusiko kamamatirira pa golide ngati mbewu yozika mizu. Pa kadontho kamodzi ka golide pamadzalidwa tiulusi tambirimbiri. Akatswiri amakonza kuti zilembo zingapo za kumayambiriro kwa kaulusi ziyenerane ndi za kumapeto kwake. Chifukwa cha ichi kaulusi kamadzipinda kokha, mutu n'kudzagwirana ndi mchira, ngati msampha wotcheredwa.

Chachitatu ndi chizindikiro chomangirira ku nsonga inayo. Awa ndi mankhwala amene amapereka ndi kulandira ma elekitironi mosavuta. Akatswiri aja anagwiritsa ntchito ferrocene, mankhwala okhala ndi ayironi pakati. Ena pambuyo pake anayamba kukonda methylene blue, utoto wabuluu umene ena tinauona kusukulu podetsa maselo kuti aoneke pa maikulosikopu.

Tsopano onani zimene zimachitika. Kaulusi kakadzipinda, chizindikiro chija chimakhala pafupi kwambiri ndi golide. Ma elekitironi amadumpha mosavuta pakati pa chizindikiro ndi golide, ndipo mita imaonetsa magetsi ambiri. Tikadonthezerapo madzi mmene muli DNA imene tikufuna, ulusi wa kachirombo umagwirana ndi nyambo. Ulusi umodzi ndi wofewa, koma uwiri ukalukana umauma ngati kamtengo. Msampha umafwamphuka, kaulusi kamaongoka, ndipo chizindikiro chimakankhidwira kutali ndi golide. Ma elekitironi amalephera kudumpha, magetsi n'kutsika. Kutsika kumeneko ndiye yankho: chimene timafuna chilimo. Ngati m'madzimo muli DNA ina yosayenerana, msampha sufwamphuka ndipo magetsi sasintha.

Pali mitundu inanso. Ina imakonzedwa kuti magetsi azikwera m'malo motsika. Ina imagwiritsa ntchito nyambo ziwiri, ina yomatirira pa golide, inzake yonyamula chizindikiro, ndipo DNA ya kachirombo imagwidwa pakati. Mfundo yake ndi imodzi: kugwirana kwa zilembo kumasandulika nambala ya magetsi.

5. Nzeruyi inachokera kuti?

Sinabwere tsiku limodzi. Cha m'ma 1960, Emil Paleček wa mu mzinda wa Brno, umene lero uli m'dziko la Czech Republic, anaonetsa kuti DNA imatha kupereka ndi kulandira ma elekitironi pa elekitirodi. Mu 1962, Leland Clark ndi Champ Lyons ku America anafotokoza nzeru yoyeza shuga pogwiritsa ntchito elekitirodi. Mu 1987 kunatuluka kamakina koyezera shuga kooneka ngati cholembera, kotchedwa ExacTech, kamene kanagwiritsa ntchito ferrocene yemwe uja. Mu 1993, Kelly Millan ndi Susan Mikkelsen ku Canada anaonetsa kasensa kozindikira dongosolo la zilembo za DNA kudzera m'magetsi. Patapita zaka, kampani ya ku America ya GenMark inapanga makina a m'chipatala otchedwa ePlex, amene amapeza tizirombo tambiri ta matenda a m'chifuwa nthawi imodzi pogwiritsa ntchito golide ndi ferrocene. Kampaniyi inagulidwa ndi Roche mu 2021.

6. Ubwino wake ndi zopinga zake

Chimene chikukopa akatswiri n'chakuti magetsi ndi osavuta kuyeza. Mita yake ikhoza kukhala yaing'ono ngati foni ya m'manja, yoyendera batire. Timizere ta elekitirodi tikhoza kudindidwa tambirimbiri pa pulasitiki motsika mtengo. Yankho limatuluka ngati nambala, osati kamzere kozimiririka kamene anthu awiri angatsutsane. Pa kapulasitiki kamodzi pakhoza kudzalidwa nyambo zosiyanasiyana, ina ya matenda awa, ina ya matenda ena.

Koma zopinga zilipo, ndipo tiyenera kuzidziwa.

Choyamba, zilembo za kachirombo m'dontho la magazi zimakhala zochepa kwambiri, komanso zotsekeredwa m'kati mwa maselo. Pamafunika kuswa maselo, kutsuka DNA, kenako kuichulukitsa. Njira yotchuka yochulukitsira ndi PCR, imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983. Imatenthetsa ndi kuziziritsa DNA mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse chiwerengero chimawirikiza kawiri: 1, 2, 4, 8, 16. Pa maulendo 30, kaulusi kamodzi kakhoza kubala tinzake toposa 1 biliyoni. Kulowetsa ntchito yonseyi m'kabokosi kakang'ono kotsika mtengo ndiye phiri lalikulu.

Chachiwiri, magazi ali ndi zinthu zambiri zomata zimene zimakuta golide uja n'kusokoneza magetsi.

Chachitatu, HIV imasinthasintha zilembo zake pamene ikuswana. Ilinso ndi mitundu: kuno kumwera kwa Africa wofala ndi mtundu wa C, pamene ku America ndi kumadzulo kwa Ulaya wofala ndi wa B. Nyambo iyenera kulunjika pa chigawo chimene sichisintha kawirikawiri, apo ayi idzaphonya kachirombo kalipo. Komabe kusamala kwa nyamboku kuli ndi phindu lake. Popeza chilembo chimodzi cholakwika chimafooketsa kugwirana, nyambo ikhoza kukonzedwa kuti izindikire kachirombo kamene kasintha n'kuyamba kupima mankhwala.

Chachinayi, kachipangizo kamene kachita bwino m'labotale yozizira kayenera kuyesedwa pa anthu ambiri, m'malo otentha ndi afumbi, kasanaloledwe kugwiritsidwa ntchito. Yankho lolakwika pa nkhani ya HIV likhoza kupasula banja kapena kutayitsa moyo wa mwana.

7. Nanga kuno kwathu?

Tinene mosabisa: makina amene akuyeza makanda m'zipatala za m'Malawi amagwiritsa ntchito PCR ndi kuwala, osati timasensa ta magetsi tafotokozati. Koma lamulo la A ndi T, G ndi C ndi lomwelo. Ngakhale makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010 poyeza TB, anayamba ndi nyambo yodzipinda ngati yathu ija, kungoti yawo imawala msampha ukafwamphuka.

Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amayenera kuyezedwa akakwanitsa masabata 6. Namwino amabaya kachidendene kapena kachala, n'kudonthezera magazi pa kapepala kapadera. Akauma, kapepalako kamatumizidwa ku labotale. Apa ndi pamene kwa zaka zambiri pakhala pakutayikira nthawi: kudikira thiransipoti, mzere wa ku labotale, ndi ulendo wobweza zotsatira. Mabanja ena akhala akudikira masabata ambiri, ena osabwereranso kudzamva. Vutoli linali lalikulu moti mu 2016 boma la Malawi ndi UNICEF anayesa ku Lilongwe ngati tindege topanda woyendetsa tingathe kunyamula timapepala totere. Mu 2021, WHO inalangiza kuti makanda aziyezedwa ndi makina a pachipatala pomwepo, kuti zotsatira zizituluka tsiku lomwelo. Zipatala zina kuno zili nawo makina otere, koma si zonse. Apa ndiye pali chiyembekezo cha timasensa ta magetsi: kuti tsiku lina ngakhale chipatala chaching'ono cha kumudzi chidzathe kupereka yankho mayi asananyamuke.

Koma akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mwana wobadwa lero sangadikire makina a mawa. Njira imene ilipo ndi yodalirika, ndi yaulere m'zipatala za boma, ndipo ikupulumutsa ana.

Sewero la pa kalabu: Msampha wa zilembo

Zofunika: mapepala olembapo zilembo, kamwala kamodzi ndi khoma.

1. Anthu 8 agwirane mikono pa mzere, atanyamula zilembo izi motsatana: G C A T T A G C. Awa ndi nyambo. Woyamba agwire khoma ndipo asalisiye. Khomalo ndi golide.
2. Womaliza atenge kamwala. Mzere upindike mpaka womaliza, wa C, adzaime pafupi ndi woyamba, wa G. Wachiwiri ayang'anizane ndi wachisanu ndi chiwiri. Womaliza azigogoda khoma ndi kamwala. Kugogodako ndi magetsi.
3. Gulu lina la anthu 8 libwere ndi zilembo zosokonezeka, monga A A G C T G C T. Owonerera aone ngati aliyense wapeza mnzake. Popeza sakuyenerana, abwerere. Kugogoda kupitirire.
4. Gululo libwerenso ndi zilembo izi: C G T A A T C G. Aliyense agwire dzanja la mnzake woyenerana naye, ndipo mzere uongoke kuchoka kukhoma. Wa kamwala sangafikenso khoma. Kugogoda kwatha: kachirombo kapezeka.
5. Bwerezani mutasintha chilembo chimodzi chokha, ndipo kambiranani zimene zingachitike.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani kachipangizo koyezera akuluakulu kakhoza kupereka chithunzi cholakwika pa khanda la miyezi iwiri?
2. Lembani ulusi woyenerana ndi uwu: T T A G C G A C.
3. Mu kasensa kamene taphunzira, n'chiyani chimachititsa kuti magetsi atsike?
4. N'zifukwa ziti zimene zimalepheretsa makolo a m'dera lathu kukayezetsa mwana kapena kubwerera kukamva zotsatira? Nanga abambo angatengepo mbali yanji?
5. Kalabu yathu ingathandize bwanji popanda kuulula chinsinsi cha banja lililonse?

Tikumbukire izi

- Mayi aliyense woyembekezera ayambe sikelo msanga ndipo ayezetse magazi, makamaka pamodzi ndi mwamuna wake.
- Mayi amene ali ndi HIV akamamwa ma ARV mokhulupirika pa nthawi ya pakati ndi yoyamwitsa, mwayi woti mwana abadwe ndi kukula wopanda kachirombo ndi waukulu kwambiri.
- Mwana ayezedwe pa masabata 6, ndipo makolo abwerere kukamva zotsatira. Zikachedwa, afunse achipatala, asangokhala chete.
- Zotsatira zoyamba zikasonyeza kuti alibe kachirombo, ulendo sunathe. Popeza akuyamwa, ayezedwenso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24, kapena monga achipatala anenera.
- Mwana akapezeka ndi kachirombo, ayambe mankhwala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka wathanzi.

Ambiri a ife tili ndi achemwali, alamu ndi anzathu amene ali ndi makanda, ndipo ena ndife makolo kale. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sabata ino membala aliyense afotokozere anthu awiri za kuyezetsa kwa pa masabata 6, ndipo mlembi wa kalabu alembe mafunso amene anthu afunsa kuti tidzakambirane pa msonkhano wotsatira. Kwa inu amene mumakonda sayansi kusukulu, limbikirani. Zopinga zinayi tatchula zija zikudikira anthu oti azichotse, ndipo palibe lamulo loti anthuwo achokere kunja kokha.